Gawo la Adzukulu

Madzulo amenewo Cephas anali kuseri kwa nyumba akuchapa matewera a mwana wake Nelly, chifukwa mkazi wake Ratidzo anali asanabwere kumsika wa m'tauni ya Bindura kumene ankagulitsa tomato. Madzi a pampopi wa m'komboni ankatseka dzuwa likangolowa, ndiye ankachita changu. Fumbi loyera la pa chimulu cha dothi la mgodi wakale linali litayamba kutera pamadenga, monga limachitira mphepo ikaleka. Ali mkati mofinya thewera lomaliza anamva munthu akulira m'nyumba.

Sanaganize kuti ndi bambo ake. Bambo Tobiasi anagwira ntchito pansi pa nthaka moyo wawo wonse, ndipo m'komboni monse munalibe amene anawaonapo akugwetsa msozi. Koma anali iwo. Anawapeza atakhala pabedi, mwendo wamanja atautambasula, thukuta lili kamukamu. Chala chachikulu cha kuphazi chinali chitatupa, chitafiira, chikunyezimira ngati achipaka mafuta.

"Ababa, mwapunthwa?"

"Usayandikire. Mphepo ya malaya akoyo ikundipweteka."

"Ndikufunditseni?"

"Ngakhale kansalu ayi. Muli moto umu, mwana wanga. Wina akuboola fupa ndi chitsulo."

Cephas anaima pakhomo, manja akudontha thovu. Panali patangopita masiku owerengeka chiikireni maliro a Kingston, mnzawo wa bambo ake, ndipo Kingston nayenso anayamba ndi chala.

Anthu ambiri a m'komboni imeneyi ndi ana ndi zidzukulu za amuna amene anachoka ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mangochi kudzafuna ntchito m'migodi. Mshona akamwalira amamunyamula kupita kwawo, ku Musana kapena kwina. Iwowa alibe mudzi wopita nako mtembo. Manda awo ali kuseri kwa chimulu chija, ndipo okumba ake ndi adzukulu, gulu la amuna amene analandira khasu kwa makolo awo. Pamaliro aliwonse bungwe la maliro limapha ng'ombe. Nyama ndi ya olira, koma zam'kati zonse, chiwindi, impso, matumbo ndi mapapo, pamodzi ndi chidebe cha masese, ndi gawo la adzukulu. Amadyera kumanda konko. Sagawira munthu amene sanagwire khasu, sapita nazo kunyumba, ndipo sasiya kanthu mumphika.

Kale adzukulu anali khumi ndi kuposa, ndipo aliyense ankangolawa. Koma mgodi utatsekedwa ena anabalalika, ena anakalamba, ndipo achinyamata anakana kulowa, ponena kuti abusa awo amati zimenezo ndi za ziwanda. Cephas mwiniwake anali mmodzi wa okanawo. Gulu linachepa mpaka anthu asanu ndi mmodzi, koma ng'ombe sinachepe. Kenako anayamba kufa. Woyamba anatupa chala, kenako bondo, kenako thupi lonse, mkodzo n'kusiya kutuluka. Wachiwiri chimodzimodzi. Kingston anali wachitatu. Tsopano anatsala Tobiasi, Obadiya, ndi mkulu wina wosalankhulalankhula dzina lake Terrence.

M'komboni munadzaza manong'onong'o. Oyandikana nawo Achishona anati ndi chitsinga, mankhwala amene mfiti imakutcherera panjira kuti ukaponda akulowe m'miyendo. Amayi okatola nkhuni kuseri kwa chimulu anati amamva khasu likugunda kumanda masana dzuwa lili paliwombo, koma ukasuzumira palibe munthu. Ena anati m'tinjira ta pakati pa nyumba mumamveka fungo la matumbo owira pomwe palibe amene wapha ngakhale nkhuku. Agalu anasiya kutsatira anthu kumaliro. Ankafika pamphambano pa mtengo wa bulugamu n'kukhala pansi.

Cephas sanafune kumva zimenezo. Anaganiza kuti popeza chikupweteka ndi fupa, wofunika ndi dokotala wa mafupa. Anapempha tchuthi kuchigayo cha miyala kumene ankagwira ntchito, nabereka bambo ake kumsana mpaka pamsewu, nakwera nawo kombi, minibasi ya kumeneko. Dokotalayo anali munthu wotanganidwa, pabenchi pake podzaza anyamata othyoka manja m'maenje a golide. Anajambula phazi, nakweza chithunzicho kuwindo, nawatchula mkuluyo kuti sekuru, kutanthauza agogo m'Chishona.

"Fupa ndi labwinobwino, sekuru. Palibe chothyoka, palibe choti ndikonze. Izi si zanga. Mupite ku Harare kwa dokotala wa nyamakazi akakuyezeni magazi."

Mawu amenewa anafika m'komboni theka lokha. Anthu anangogwira akuti makina a azungu sanaone kanthu, ndipo anayang'anana. Patapita sabata ululu unatha wokha, chala chinaphwa, khungu linasupuka ngati la njoka, ndipo Tobiasi anati za ku Harare n'kutaya nthawi.

Mwezi wotsatira kunamwalira mayi wina wokalamba wa kumapeto kwa komboni. Amuna atatu aja anakumba, nadya gawo lawo lonse, namwa chidebe chonse. Asanathe masiku atatu Tobiasi anali chigonere, tsopano ndi bondo, ndipo Obadiya ankakwawa popita kuchimbudzi. Ratidzo posesa anapeza timapepala tambirimbiri ta mapiritsi opha ululu pansi pa matiresi a apongozi ake, aja ogulitsidwa pamsika pambali pa mabatire ndi machesi.

"Baba vaNelly, awa akumwa angati patsiku?" anafunsa mwamuna wake monong'ona.

"Sindikudziwa."

"Akutafuna ngati chimanga chokazinga. Ndawaona."

Obadiya sanapite kuchipatala. Ana ake anaitana sing'anga wa ku Musana, yemwe anabwera ndi lumo ndi kansupa. Pachigongono pa Obadiya panali chotupa cholimba ngati nsangalabwi. Sing'anga anachicheka anthu akuona, ndipo m'malo mwa mafinya munatuluka zoyera, zaphalaphala, zamchengamchenga ngati laimu wonyowa. Mayi wina anathawira panja. Sing'anga anazipaka pachikhatho nazinunkhiza.

"Awa ndi mafupa a munthu, osinja. Sanaponde. Anadya. Amawaphikira ndani amuna awa?"

Aliyense ankadziwa. Eliness, mayi wamasiye wopanda mwana, ndiye ankaphika gawo la adzukulu kuyambira kale. Anali munthu wa mawu ochepa, wotsuka matumbo mpaka kuyera. Tsiku lomwelo anthu anazinga nyumba yake. Cephas pobwera kuntchito anapeza chitseko chili pansi, mapoto ali mbwee pabwalo, mayiyo ataima ndi kamtolo kumutu.

"Ndakuphikirani zaka zonsezi," anatero Eliness, osakweza mawu. "Ine sindinalaweko ngakhale msuzi. Lamulo ndi lanu."

"Choka, mfiti iwe," anatero mwana wamkulu wa Obadiya. "Ukaphikire afisi anzako."

Eliness anatenga msewu wa kumafamu a ku Matepatepa wapansi. Cephas anamuyang'ana mpaka anazimiririka m'fumbi, ndipo sananene kanthu. Manyazi a kukhala chete kwakeko ndi amene anamulimbitsa mtima. M'mawa mwake sanapemphe bambo ake, anangowanyamula ulendo wa ku Harare.

Dokotala wa nyamakazi ku Harare anali mayi wamng'ono thupi, wa magalasi. Sanayambe ndi bondo. Anagwira makutu a Tobiasi, napeza timibulu toyera m'mphepete mwake, nayang'ana zigongono ndi zala. Anatenga magazi ndi mkodzo, natenganso timadzi ta m'bondo ndi jakisoni. Masana anawaitananso.

"Sekuru, mumadya chiyani?"

"Chimene apongozi anga aphika. Masamba, nyemba, matemba."

"Nanga chiwindi, impso, matumbo? Mowa?"

Tobiasi anayang'ana mwana wake. "Izo ndi za kuntchito."

Cephas anafotokoza za adzukulu, za ng'ombe, za mphika wosasiya kanthu, za anzawo amene anamwalira, ndi za mapiritsi a pamsika. Dokotala anavula magalasi.

"Ng'ombe yonse, anthu atatu?"

"Zam'kati zokha, amayi," anatero Tobiasi. "Sitili adyera."

Dokotala sanaseke. Anati matendawo ndi nyamakazi yotchedwa gauti. M'magazi mumachuluka asidi wina amene thupi limayenera kutaya pokodza, ndipo akachuluka amauma m'mfundo za mafupa n'kusanduka timiyala tosongoka ngati singano. Zam'kati ndi mowa zimamuchulukitsa. Zoyera zimene zinatuluka mwa Obadiya ndi zomwezo, ndipo chotupa chotero sachicheka ndi lumo.

"Gauti yokha sikanapha anzanuwo msanga chotero," anatero. "Ndikukayikira mapiritsi a pamsikawa. Amaziziritsa ululu koma amadya impso, ndipo zanu zatopa kale. Ndikupatsani mankhwala a ululu oyenera impso zanu, ndi ena omwa tsiku ndi tsiku otsitsa asidiyo. Muzimwa madzi ambiri. A pamsika musawakhudzenso. Ndipo mphika uja, sekuru, mwatsazikana nawo."

"Ndiye mukuti palibe munthu watilodza?" anafunsa Tobiasi.

"Ine ndaona magazi okha."

Masabata otsatira anali abwino. Cephas anawotcha timapepala tonse ta pansi pa matiresi. M'mawa uliwonse asanapite kuchigayo ankaika piritsi m'dzanja la bambo ake ndi kapu ya madzi, n'kudikira mpaka ameze. Bondo linaphwa. Tsiku lina anawapeza pakhonde atanyamula Nelly pamiyendo, akumuimbira nyimbo ya kwawo imene Cephas ankangoimva theka, kamwanako kakuwakoka ndevu. Cephas analowa m'nyumba msanga kuti asamuone maso.

Koma kwa Obadiya fungo linali litayamba kutuluka pawindo. Bala la lumo lija linadya mkono mpaka paphewa. Cephas anapita kukawapempha kuti apite naye ku Harare, ndipo ana ake anamuyankha kuti mfiti yachoka, chatsala n'kuchira. Obadiya anamwalira Lachinayi m'mawa.

Madzulo ake Tobiasi anatulutsa khasu lake pansi pa bedi nayamba kulinola.

"Ababa, mukutani?"

"Ukuona."

"Dokotala anati chiyani?"

"Dokotala saika maliro. Terrence akumba yekha? Obadiya ndinatsika naye mgodi ndili mnyamata."

"Kumbani, koma musadye."

Tobiasi anasiya kunola. "Wogwira khasu sakana gawo. Umadziwa zimenezo, ngakhale umapemphera m'chizungu."

"Ndiye ndikumba ndine."

"Iwe? Abusa ako adzati chiyani?"

"Anene zimene anganene. Ndikumba, ndidya. Inu mukhale."

Mkuluyo anapukusa mutu. "Si iwe amene akukudikira," anatero, napitiriza kunola.

Kutacha, bambo ake akali m'tulo, Cephas anatenga khasu lija, natuluka, nakhoma chitseko ndi loko kunja. Nyumba za m'komboni zili ndi khomo limodzi, ndipo mawindo ake ali ndi zitsulo zimene kampani ya mgodi inaika kale, zothinana moti dzanja la munthu wamkulu limalowa movutikira. Ratidzo anali kale kusiwa ndi amayi anzake, Nelly ali kumsana. Cephas anaika kiyi m'thumba la buluku. Ali pamtengo wa bulugamu anamva bambo ake akugunda chitseko ndi kumutchula dzina, koma sanacheuke.

Dothi la kumanda kuja ndi lolimba, losakanikirana ndi miyala ya mgodi. Terrence sanamufunse kanthu. Anangomulozera pokumba, nayamba. Anakumba mosinthana mpaka dzuwa linafika pamutu, manja a Cephas atachita matuza. Kunali zii, kopanda mbalame, kopanda mphepo. Nthawi ina Cephas ali m'dzenje anamva ngati khasu lina likuyankha lake chapatali, koma ataima kuti amvetsere, nalonso linaima.

Amayi awiri a bungwe anabweretsa mphika ndi chidebe. Anaziika patali nabwerera m'mbuyo, popeza chichokereni Eliness aliyense ankaopa ntchito imeneyi. Terrence anasamba m'manja navundukula. Nthunzi inakwera. Anakhala akuyang'ana mumphikamo osatenga kanthu.

"Wapungula ndani?" anafunsa.

"Palibe," anatero mmodzi wa amayiwo. "Tavundikira wodzaza. Sitinatule panjira."

Cephas anasuzumira. Mbali imodzi ya mphika inali yotsika, ngati munthu watapa ndi chipande mosamala, chiwindi pang'ono, matumbo pang'ono, impso imodzi. Masese nawonso anali atatsika m'chidebe, mzere wa thovu utatsala m'mwamba.

"Gawo la munthu mmodzi," anatero Terrence.

Cephas anathamanga. Anadutsa chimulu, anadutsa bulugamu, agalu ali khale pamphambano akumuyang'ana. Loko anali pachitseko monga anamusiyira. Asanalowetse n'komwe kiyi, fungo linamupeza, la matumbo otentha ndi mowa wowawasa.

Tobiasi anali atakhala pamphasa pakati pa chipinda, miyendo atatambasula. Patsogolo pawo panali mbale yachitsulo ya bungwe la maliro, yaikulu, yoti singadutse pawindo lililonse la m'komboni. Inali yopukutidwa ndi chala mpaka kuyera. Milomo yawo inali noninoni ndi mafuta, ndipo nkhope yawo inali ya munthu wokhutira.

"Ababa, wakupatsani ndani?"

"Usakalipe, mwana wanga. Ndamaliza zonse. Sindinasiye kanthu."

"Ndikuti walowa ndani muno?"

"Angotuluka kumene. Sunakumane nawo panjira?"

Tobiasi sanatchule dzina tsiku limenelo, ngakhale masiku otsatira. Ululu unabwera m'mapazi onse awiri, m'mawondo, m'zala za manja, moti ankalira ngakhale munthu akaponda mwamphamvu pakhonde. Cephas anawapatsa mankhwala a dokotala, koma tsiku lachitatu Ratidzo anapezanso timapepala ta pamsika m'pilo, topanda kanthu, ndipo palibe amene anavomera kuti anawagulira. Nkhope inatupa, mkodzo unasiya. Anapita nawo ku Harare pagalimoto ya mnzake wa kuchigayo. Dokotala uja anayesetsa, anawagoneka, anawaika pamakina otsuka magazi, koma impso sizinadzukenso. Mvula yoyamba isanagwe Cephas anabwera nawo m'bokosi.

Anthu analankhula zambiri. Ena anati mkazi wa Obadiya anali ndi kiyi wina wofanana, ndipo anachita zimenezo mwaulemu, kuti mnzake wa mwamuna wake asamanidwe gawo. Ena anati Eliness anaoneka kuseri kwa chimulu tsiku lomwelo, ngakhale woyendetsa thirakitala wina analumbira kuti anamuona akusankha fodya ku Matepatepa. Terrence sanadikire maliro. Anasiya khasu lake pakhomo la bungwe nakwera basi yopita kwa mwana wake, osatsazika munthu.

Motero panalibenso mdzukulu ndi mmodzi yemwe, ndipo mwana sakumba manda a bambo ake. Cephas anaimirira pamaso pa akuluakulu a bungwe nanena kuti pamaliro awa sipaphedwa ng'ombe, sipaphikidwa zam'kati, sipagulidwa masese. Olira adya nyemba ndi kabichi. Anang'ung'udza, koma palibe amene anali ndi mphamvu yomutsutsa. Cephas anakapeza anyamata anayi okumba golide m'maenje a kutsidya, ochokera kutali, osadziwa Chichewa kapena mwambo uliwonse wa m'komboni, nawabwereka mapiki ndi mafosholo.

Anakumba bwino, dzenje lowongoka. Tobiasi anaikidwa masana, pambali pa Obadiya. Madzulo anthu atabalalika, Cephas anakhala pakhonde atanyamula Nelly, yemwe ankangoyang'ana kuchitseko cha agogo ake. Anyamata aja anabwera kudzabweza zida, akuseka, mmodzi akutokosa m'mano ndi kachitsotso.

"Mudhara, pepani ndi maliro," anatero wamkulu wawo m'Chishona. "Koma mwatisamala. Chiwindi chotere sitinadyepo chiyambire chaka."

Cephas anamukumbatira mwana uja pachifuwa. "Chiwindi chiti?"

"Chimene munatumiza kumanda. Ndi chidebe chomwe."

"Anabweretsa ndani?"

"Madala ena, otsimphina onse. Sananene maina." Mnyamatayo anatsamiritsa fosholo kukhoma. "Angoti timalize zonse, ndipo tisapite kutali, ntchito ikadalipo."